"Kwa ine likuoneka bwinobwino" si yankho

 Lero ndabwera nditapsa mtima pang'ono ndipo sindibisa. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndikakhala duu masabata angapo ndiye kuti pali chimene chikundidya. Chimenecho ndi mawu anayi okha amene ndatopa nawo, ochokera kwa anyamata ndi atsikana athu opanga masamba a pa intaneti: "Kwa ine likuoneka bwinobwino."

Nkhani yake ili motere. Ophunzira akale a pasukulu yomwe ndimaphunzitsa anasonkherana ndalama zoti azilipirira fizi ana ovutika olowa Fomu 1. Ntchito yotamandika, ndipo ndimawanyadira. Popeza ambiri a iwo ali kutali, ena ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ena ku Johannesburg, anagwirizana kuti ofuna thandizo azilembetsa pa intaneti osati papepala. Tsambalo anapanga ndi mmodzi wa ana anga akale, mnyamata wa mutu wabwino amene ndinkamudalira pa masamu. Dzina sinditchula, chifukwa cholinga changa si kumuchititsa manyazi.

Kutatsala masiku awiri kuti kulembetsa kutsekedwe, kunyumba kwanga kunafika gogo wina ndi mdzukulu wake wamkazi. Anayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje, atanyamula foni yobwereka kwa mwana wa neba, ya Android yaing'ono, galasi lake long'aluka pakona.

"Aphunzitsi, tithandizeni," anatero gogoyo. "Mwanayu walemba zonse katatu konse, koma potumizira pake sipakuoneka. Mayunitsi atithera."

Ndinalandira foniyo. Zoonadi, mtsikanayo anali atadzaza bwino fomu yonse: dzina, mudzi, mfumu, sukulu ya pulayimale. Koma batani lakuti "Tumizani" panalibe. Kukankha ndi chala kuti tsamba likwere, tsamba lili nji, osasuntha. Nditayesa pa foni yanga, batani lija linkaoneka theka, ngati mutu wa ng'ona pamadzi. Nditatsegula pa laputopu, ndi ilo, lobiriwira, lokongola, lili pakati penipeni.

Ndinamuimbira mwana wanga uja pompo. Yankho lake? "Aphunzitsi, kwa ine likuoneka bwinobwino. Auzeni atsegule ndi Chrome, apo ayi apeze kompyuta."

Apeze kompyuta! Gogo amene akusowa fizi ya mdzukulu wake apeze kompyuta! Ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti foni ija inali itatsegula kale ndi Chrome yemweyo.

Tiyeni timvetsetsane kaye, makamaka inu anzanga a Chichewa, a Jogalafe ndi a Baibulo amene mumathawa mukamva nkhani za makompyuta. Tsamba la pa intaneti si chithunzi chimene wopanga amajambula n'kutumiza. Chimene amatumiza ndi malangizo. Mbali imodzi ndi HTML, momwe muli mawu, mitu, zithunzi ndi mafomu. Mbali ina ndi CSS, ija amati stylesheet, yomwe imanena kuti ichi chikhale kumanzere, icho chikhale chachikulu chonchi, apa pakhale mpata wotere. Amene amawerenga malangizowo n'kumanga tsambalo pa sikirini yanu ndi browser. Zili ngati kupereka pulani imodzi ya nyumba kwa amisiri osiyana, aliyense n'kukamanga pamalo pake: wina pa chigwa chachikulu, wina pa kapuloti kothinana ka m'tauni. Ukajambula pulani poganizira puloti yako yokha, usadabwe khomo likakathera m'chimbudzi cha neba.

Amisiri akuluakulu masiku ano alipo atatu. Pali Blink, yemwe ali m'kati mwa Chrome, Edge, Opera ndi Samsung Internet. Pali WebKit wa mu Safari. Pali Gecko wa mu Firefox. Koma atatuwa ali ndi mibadwo yawo. Chrome wa pa laputopu yatsopano ndi Chrome wa pa foni yomwe inasiya kulandira zatsopano zaka zisanu zapitazo ali ngati munthu ndi agogo ake: dzina limodzi, mphamvu zosiyana. Onjezerani Opera Mini, yomwe ambiri kuno timaikonda chifukwa chosunga bandulo. Iyo ukaitchera kuti isunge data kwambiri, tsamba limayamba ladutsa ku makina a kampani ya Opera, kumene amalifinya n'kulipungula lisanafike pa foni yako. Tsono munthu akati "kwa ine likuoneka", akunena za mmisiri mmodzi, wa msinkhu umodzi, pa puloti imodzi.

Usiku womwewo ndinatsegula stylesheet ya tsamba lija. Sindine katswiri, ndine mphunzitsi wamba wa dipuloma amene ndinaphunzira zinthuzi ndekha, komabe vuto ndinalipeza tiyi asanazizire. Bokosi lalikulu momwe munali fomu analilamula kuti height: 100vh, kutanthauza kuti litalike ndendende ngati sikirini. Kenaka anawonjezera overflow: hidden, kutanthauza kuti chilichonse chosefukira kunja kwa bokosilo chibisike. Pa laputopu yake fomu inkakwana m'bokosimo. Pa kafoni ka gogo fomu inatalika kuposa sikirini, ndiye browser inachita zomwe inauzidwa: inadula m'munsi monse, batani n'kupitira limodzi. Pa foni yanga linkaoneka theka chifukwa mabrowser a pa foni amawerengera 100vh ngati kuti kachingwe kolembapo adiresi kamwamba kaja kabisika, chonsecho kadakalipo ndipo kakudya malo. Vuto limeneli ndi lodziwika kwambiri, moti anachita kupanga miyeso ina, svh ndi dvh, yomwe inalowa mu Safari ndi Chrome m'chaka cha 2022.

Mawa lake ndinayendayenda pasukulu n'kumabwereka mafoni. Pa iPhone yakale ya mnzathu wina, timabokosi ta fomu tinali titamatirirana popanda mpata, chifukwa mnyamatayo anadalira gap pa flexbox, chinthu chimene Safari inayamba kuchimva mu 2021. Pa foni ya alonda athu, yomwe browser yake siidziwa grid, batani linabwera pamwamba penipeni, malangizo a kalembedwe n'kukhala kumapeto. Chifukwa chake? HTML anailemba mosokonekera, n'kudalira grid kuti ndiyo isanje zinthu. Grid itakanidwa, chisokonezo chonse chinaonekera poyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musaganize kuti ndikudziyeretsa. Tchimo limeneli ndinalichitapo ndekha, ndipo n'chifukwa chake limandinyansa. Ndili ku koleji, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndinapanga tsamba langa loyamba mu internet cafe, kulipira pa mphindi, maso ali pa wotchi. Pansi pake ndinalemba monyadira kuti tsambali limaoneka bwino pa Internet Explorer, pa sikirini ya 800 x 600. Aliyense ankatero nthawi imeneyo. Firefox itatuluka kumapeto kwa 2004, mnzanga wina anatsegula tsamba langa n'kuyamba kuseka. Mzati wakumanja, momwe munali chithunzi changa nditavala tayi, unali utagwera pansi pa mzati wakumanzere.

Masamu ake ndi a Fomu 1. Tsamba langa linali mapikiselo 760 m'lifupi. Mzati wina ndinaupatsa 500, wina 260, ndipo uliwonse ndinauikira padding ya 10 mbali iliyonse. Internet Explorer 6, ikapeza tsamba lopanda DOCTYPE ngati langalo, inkawerengera mwachikale, padding n'kukhala m'kati mwa 500 ndi 260 zija. Zonse pamodzi 760, n'kukwana. Koma lamulo la CSS linkati padding iwonjezeredwe kunja, ndipo Firefox inatsata lamulo: 520 kuphatikiza 280, yankho 800. Kodi 800 ingalowe mu 760? Mzati unagwa. Ine ndinati Firefox ndi yowonongeka. Chonsecho wolakwa ndinali ine, amene ndinayesa tsamba pa browser imodzi n'kuganiza kuti dziko lonse lathera pomwepo.

Ana a masiku ano simudziwa nkhondo yomwe inamenyedwa kuti inu muzilemba CSS mwamtendere. Håkon Wium Lie, wa ku Norway, anapereka ganizo la CSS mu 1994 akugwira ntchito ku CERN, komwenso Tim Berners-Lee anayambitsira web. Iye ndi Bert Bos analemba CSS yoyamba, yomwe bungwe la W3C linaivomereza mu December 1996. Koma Netscape ndi Microsoft anali pa mpikisano woopsa, aliyense kumangoika zakezake, moti anthu ankapanga masamba awiri, lina la browser iyi, lina la iyo. Mu 1996 momwemo Berners-Lee anachenjeza kuti woika chikwangwani chonena kuti tsamba limafuna browser yakutiyakuti akulakalaka masiku oipa akale, pamene kalata yolembedwa pa kompyuta ina sinkawerengeka pa inzake. Mu 1998 opanga masamba ena, kuphatikizapo Jeffrey Zeldman, anayambitsa Web Standards Project kuti akakamize makampaniwo kutsata malamulo amodzi.

Microsoft inapambana mpikisanowo. Panafika nthawi yoti mwa anthu 100 aliwonse a pa intaneti, oposa 90 ankagwiritsa ntchito Internet Explorer. Itapambana inagona tulo: Internet Explorer 6 inatuluka mu 2001, ndipo 7 inadzabwera mu 2006. Zaka zisanu dziko lonse likuvutika ndi zilema zomwezo. Amene tinalipo tikukumbukira. Bokosi ukaliyandamitsa kumanzere ndi float n'kulipatsa margin ya 10 mbali yomweyo, IE6 inkaika 20, ndipo mankhwala ake anali kulemba display: inline, chinthu chopanda tanthauzo koma chogwira ntchito. Tinkayamba mzere ndi * html kuti IE yokha ndiyo iumve. Tinkabisa stylesheet yapadera m'kati mwa conditional comments. Tantek Çelik anapeza kanjira kopusitsa IE5 pa nkhani ya padding ija, ife n'kumakopera ngati chithumwa osadziwa n'komwe mmene kamagwirira ntchito. Mu 2005 a Web Standards Project anatulutsa mayeso otchedwa Acid2: browser yotsata malamulo inkajambula kankhope komwetulira, yosatsata inkajambula zinyalala. Safari inakhoza chaka chomwecho. Internet Explorer inadzakhoza itafika pa 8, yomwe inatuluka mu 2009.

Nanga ili kuti lero Internet Explorer, mfumu ija? Microsoft inasiya kuisamalira pa makompyuta ambiri a Windows 10 pa 15 June 2022. Amene anamanga zinthu zawo pa iyo yokha analira. Ku South Korea, kwa zaka zambiri kugula zinthu ndi kuchita za kubanki pa intaneti kunkadalira ActiveX, yomwe inkayenda pa Internet Explorer basi, ndipo kudzimasula kunawatengera nthawi yaitali. Limenelo ndi dziko lolemera, la akatswiri osawerengeka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mfundo yanga ndi iyi: amene lero akuti "tsegulani ndi Chrome" akubwereza chikwangwani changa chija cha 800 x 600, wangosintha dzina. Sindikunyoza Chrome ayi. Ndi browser yabwino, imatsata malamulo, imakonzedwa pafupipafupi, ndipo nanenso ndimaigwiritsa ntchito. Chimene ndikudana nacho ndi ulesi woyesa pamalo amodzi. Ulesi umenewu unabwereranso nthawi ya mafoni oyambirira amakono, pamene anthu ankangolemba CSS yoyamba ndi -webkit- basi, mpaka mu 2016 Mozilla inakakamizika kuphunzitsa Firefox mayina a -webkit- amenewo kuti masamba asamasweke. Taganizani: wotsata lamulo ndiye anachita kugonjera osatsata.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukung'ung'udza, chifukwa mwandiuzapo pamaso. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Ena mukuti: "Aphunzitsi, anthu ambiri ali pa Chrome, otsalawo ndi ochepa." Ndikufunseni, ochepawo ndi ndani? Si bwana wa laputopu yatsopano ayi. Ndi gogo wa foni yobwereka, mlonda, mayi wogulitsa tomato, mwana wa kumudzi amene anapatsidwa foni yotha ntchito ndi amalume ake a m'tauni. Tsamba lija linapangidwira osauka, koma osauka okhawo ndiwo analephera kulitsegula. Komanso ife aphunzitsi mawu akuti "ambiri" timawadziwa kuopsa kwake. Ndani wa inu angalembe pa bolodi timalemba ting'onoting'ono, ana akumbuyo akadandaula n'kuwayankha kuti akutsogolo akuona bwino? Mphunzitsi wotero timamutcha dzina lina, ndipo si dzina labwino.

Ena mukuti: "Nthawi palibe, ndipo ntchitoyi ndimangothandiza, sandilipira." Apa ndikumvetsa pang'ono. Ambiri mwa inu mumapanga masamba a mipingo, a sukulu ndi a timabungwe usiku mutaweruka, popanda ngakhale ya sopo. Zikomo. Koma kukonza tsamba lija kunatenga nthawi yosakwana ola limodzi. Gogo uja anayenda maola angati? Nthawi imene mwaipulumutsa inuyo siisowa, imakagwera munthu wina amene alibe mayunitsi. Ndipo ntchito yaulere siikhala ndi chilolezo chokhala yopanda khomo. Mmisiri akakumangira nyumba mwaulere n'kuiwala khomo, umathokoza, koma umagonabe panja.

Ena mukuti: "Dziko likupita patsogolo, sitingamakoke mafoni akale mpaka kalekale." Apa tigwirizane pa mfundo imodzi. Sindikunena kuti mudzutse Internet Explorer kumanda, kapena mubwerere ku * html ndi matebulo olowetsana m'kati mwa matebulo anzake. Zimenezo zinapita ndipo zipite. Sindikunenanso kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse. Ngodya zozungulira, mithunzi, zinthu zoyendayenda, zikasowa pa foni yakale palibe amene wafa. Chimene ndikunena n'chakuti mawu awerengeke ndipo batani lidinike. CSS inapangidwa mwanzeru pa nkhani imeneyi: browser ikapeza mzere umene sikuudziwa, imangoudumpha n'kupitiriza. Ndiye kuti ungathe kuyamba walemba njira yakale, pansi pake n'kulemba yatsopano. Browser yatsopano itenga yachiwiriyo, yakale ikhala ndi yoyamba. Gwiritsani ntchito grid, ndi yabwino, ndipo yakhala mu Firefox, Chrome ndi Safari kuyambira March 2017. Koma denga lokongola limaikidwa pa khoma loima kale.

Ndipo ena mukuti: "Ine ndimagwiritsa ntchito Bootstrap," kapena "ndinatenga template ya WordPress," kapena, masiku ano, "inandilembera ndi AI." Chabwino. Zida zimenezi zimathandiza, ndipo zina zinayesedwa pa mabrowser ambiri kuposa amene inu mungawapeze. Koma mizere iwiri imene inabisa batani ija sinachokere ku Bootstrap, anaiwonjezera yekha mwini wake pofuna kuti tsamba lioneke ngati app. Ndipo AI siinagwirepo foni ya alonda athu. Wophunzira akakopera yankho kwa mnzake n'kulakwa, amene amalandira ziro ndi wokoperayo. Dzina lili pa ntchitoyo ndi lanu.

Tsopano nditembenukire kwa ife aphunzitsi, chifukwa mwana uja sanagwe kumwamba. Anadutsa mu kalabu yanga ya kompyuta. Ndinkachonga bwanji ntchito yake? Ndinkaima kumbuyo kwake, kuyang'ana pa kompyuta yomwe wapangirapo, n'kunena kuti "zokongola, wakhoza." Sindinamuuzepo n'kamodzi komwe kuti kaitsegule pa makina ena. Ndinamuphunzitsa ndekha kuti woweruza ntchito ndi maso a woipanga. Lero akundibwezera phunziro langa lomwe pa foni, ine n'kumakwiya. Timapereka malikisi pa mitundu yowala ndi zithunzi zovina, chonsecho ntchito yeniyeni ya tsamba ndi yoti munthu amene sitikumudziwa, pa chida chimene sitinachione, apeze chimene akufuna. Ena mwa ife tikuphunzitsabe kuchokera m'manotsi amene tinakopera tili ku koleji, a font ndi center, ngati kuti kalendala inaima.

Kuti ndisangokhala wolalata, nazi zimene ndimauza ana a mu kalabu yanga tsopano. Si nzeru zakuya ayi, ndi zoyambirira zenizeni.

Choyamba, mzere woyamba wa tsamba lililonse ukhale <!DOCTYPE html>. Popanda umenewu mabrowser amalowa mu quirks mode, kutsanzira zilema za m'ma 1990, ndipo mudzathamangitsa mizukwa usiku wonse.

Chachiwiri, musaiwale mzere wa viewport, uja wa width=device-width. Mukausiya, mafoni ambiri amayerekeza kuti sikirini ndi ya mapikiselo 980, n'kufinya tsamba lonse mpaka malemba kukhala ngati nyerere.

Chachitatu, ikani box-sizing: border-box pa zinthu zonse, kuti mukati 500 ikhale 500 pamodzi ndi padding ndi border. Choseketsa n'chakuti kameneka ndi kawerengedwe komwe kaja ka Internet Explorer yakale. Kanali kosemphana ndi lamulo, koma anthu anadzaona kuti n'kosavuta kuganizira, ndipo tsopano kali m'malamulo ngati chinthu chosankha. Ngakhale mdani amakhala ndi mfundo nthawi zina.

Chachinayi, lembani HTML m'ndondomeko yomwe munthu angawerengere: mutu, malangizo, fomu, batani. Kenaka chotsani stylesheet yonse muone. Ngati tsamba lopanda CSS likumveka, maziko alipo. Izi zimathandizanso anzathu osaona, amene makina amawawerengera tsamba motsata HTML osati motsata kukongola.

Chachisanu, yambirani pa foni, kompyuta ibwere pambuyo. Mzati umodzi kaye, kenaka media query yowonjezera wachiwiri sikirini ikakula. Njira yoti tsamba limodzi lizisintha molingana ndi sikirini anaitchukitsa ndi Ethan Marcotte mu 2010, si yachilendo. Pewani kukhomerera utali wa bokosi lomwe muli mawu. Lembani min-height m'malo mwa height, max-width m'malo mwa width, ndipo zithunzi zikhale ndi max-width: 100%. Mawu ali ngati madzi, amafuna poyenda. Ndipo musanalembe overflow: hidden dzifunseni kuti mukubisa chiyani, ndipo mukubisira ndani.

Chachisanu ndi chimodzi, chinthu chatsopano musanachidalire kaoneni pa Can I Use kapena pa MDN kuti ndi mabrowser ati amene amachimva ndipo anayamba liti. Safunsa anadya phula. Ngati n'chaposachedwa, chikulungeni mu @supports, kapena ikani njira yakale pamwamba pake monga ndanenera: min-height: 100vh, pansi pake min-height: 100svh.

Chachisanu ndi chiwiri, chimene chimaposa zonsezi: yesani pa zida za anthu ena. Tsegulani pa Chrome, pa Firefox, ndi pa Safari ngati pali wa iPhone pafupi. Dziwani kuti pa iPhone ngakhale Chrome imayendera WebKit, choncho Chrome wa pa iPhone si Chrome wa pa laputopu yanu. Kufinya windo la browser pa kompyuta kumathandiza, koma si foni. Bwerekani foni ya alonda, ya amayi ophika, ya wa kabaza. Yesani pa Opera Mini. Yesani netiweki ikugwira mwa apo ndi apo. Ndipo musangoyang'ana, dzazani fomuyo mpaka kumapeto n'kudina batani.

Kunena chilungamo, ntchitoyi lero ndi yopepuka kuposa kale lonse. Kuyambira 2022 Apple, Google, Microsoft ndi Mozilla amagwirira limodzi ntchito yotchedwa Interop, chaka ndi chaka kusankha mbali zimene mabrowser awo akusiyana n'kuzikonza. Zimene ife tinkazilota mu internet cafe inu mwazipeza zili pambale. Ndiye chifukwa chake sindikumva chisoni ndi wonena kuti n'zovuta. Ife tinkalimbana ndi zilema za browser. Inu kawirikawiri mukulimbana ndi zilema za stylesheet yanu yomwe.

Mu kalabu yanga ndasintha kachongedwe. Palibenso kuchonga pa kompyuta ya mwini ntchito. Aliyense akamaliza, tsamba lake timalitsegula pa mafoni atatu obwereka, ndipo imodzi imakhala yotopa kwambiri imene tingaipeze tsiku limenelo. Woyesa amakhala mwana wa Fomu 1 amene sanalionepo tsambalo, mwini wake ali chete, manja kumbuyo, osaloledwa kulozera. Mukanaona nkhope zawo tsiku loyamba! Koma sabata yachitatu ndinamva mtsikana wina akuuza mnzake kuti, "Usayambe ndi mitundu, yamba waona ngati ikutseguka pa ya alonda." Ndinatuluka panja kukamwetulira ndekha. Anzanga amene muli ndi makalabu otere, yesani. Sizifuna bajeti, sizifuna chilolezo cha ahedi.

Mwina mukufuna kudziwa mmene nkhani ya gogo uja inathera. Fomu ya mdzukulu wake tinaitumiza pa laputopu yanga tsiku lomwelo. Mwana wanga uja, nditamutumizira zithunzi za mafoni anayi, anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Pepani aphunzitsi, sindinaganize." Anakonza usiku womwewo, ndipo komiti inawonjezera sabata imodzi. M'sabata imeneyo munalowa mafomu ena, ndipo sindikayika kuti ena mwa iwo anali a ana amene poyamba analephera. Mtsikana uja pano ali mu Fomu 1, amakhala kutsogolo, ndipo amafunsa mafunso ovuta.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Gogo uja anabwera chifukwa ankadziwa kunyumba kwa mphunzitsi. Nanga amene sankadziwa? Amene anayesa kawiri, mayunitsi n'kutha, n'kunena kuti mwina si mwayi wathu? Amenewo salemba kalata yodandaula. Saimba foni. Amangobwerera kumunda mwakachetechete, ndipo wopanga tsamba amapitiriza kukhulupirira kuti zonse zili bwino popeza palibe wadandaula. Tsamba losweka silichita phokoso ngati galasi. N'chifukwa chake udindo woyesa uli pa wopanga, osati pa wolandira.

Choncho ana anga, kulikonse kumene muli, m'mabanki, m'maofesi, m'mabungwe, kapena m'chipinda chanu cha lendi ndi laputopu ya kaunjika: munthu akadzakuuzani kuti tsamba lanu silikuoneka bwino, mawu anayi aja muwameze. M'malo mwake mufunse kuti, "Mukutsegulira pa chiyani? Tanditumizirani chithunzi." Akatero mumuthokoze, chifukwa wakuchitirani ntchito imene munayenera kuichita nokha.

Amene simukugwirizana nane, mundipeza m'sitafu nthawi ya buleki. Mubwere ndi foni yanu. Ine ndibwera ndi ya alonda.

Ndatha ine wanu, mphunzitsi wanu wakale uja.